Mzere Umene Aphunzitsi Namakhwa Adaimapo

Ku Mbulumbuzi mukafunsa za a Albert Namakhwa, anthu amayamba ayang'anizana kaye. Koma mungoti "aphunzitsi a Jeremani," ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pa siteji akulozerani njira: mutsike ndi kanjira ka kudambo, nyumba ya malata ofiira yomwe ili ndi mtengo wa mapeyala pakhomo. Ku Jeremaniko mdalayu sadapondeko. Kutali kwenikweni komwe adafika ndi ku Zomba, kokachonga mayeso.

Dzinalo adalitola m'kalasi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi adakhala akuphunzitsa mbiri yakale pa sekondale yoyendera, ndipo pa mitu yonse ya m'buku, umodzi wokha ndiwo unkawadzutsa magazi: momwe Hitler adatengera dziko la anthu odzisankhira okha atsogoleri n'kulisandutsa munda wa munthu mmodzi. Tsiku la mutu umenewu ankavala tayi. Nsapato ndiye zinali zomwezo masiku onse, zakuda, zokhomedwa tizitsulo kuchidendene, moti ana ankawamva ali kutali pakhonde, kho, kho, kho, n'kuthamangira m'malo mwawo.

"Lembani," ankatero, manja ali kumbuyo. "Choyamba, munthuyu boma sadalande ndi mfuti ayi. Mpando adachita kupatsidwa mu Januwale 1933, ndi akuluakulu anzeru zawo amene ankati tidzamuwongolera. Chachiwiri, nyumba ya malamulo idapsa, iye n'kuloza chala adani ake, anthu n'kuvomera kuti ufulu uyambe waima. Chachitatu, aphungu adavota okha kumupatsa mphamvu zopanga malamulo popanda iwo, ati kwa zaka zinayi basi." Zotsalazo ankazinena mofulumira ngati munthu wotsetsereka pa njinga: zipani zina kutsekedwa, anzake omwe adamukweza kuphedwa, pulezidenti wokalamba kumwalira chaka chotsatira, iye n'kukhala pa mipando yonse iwiri. Akafika pamenepo ankapukuta choko m'manja, kuyang'ana kalasi yonse, n'kutseka ndi mawu omwe ana ankawadziwa pamtima kuposa notsi zimene.

"Anthu ophunzira, a madigiri awo, kuvomera zoterezi. Ine ndikadakhalapo, ndikadakana."

Ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima, asakunamizeni munthu. A Namakhwa sanali munthu wachinyengo. Agogo awo adachokera ku Mozambiki wapansi, ana kumsana, n'kudzagwira thangata pa esiteti ya mzungu kufupi ndi Nguludi, ndipo mdzukuluyu adakula akumva za anthu amene ankakhala pa nthaka ya eni mopempha. Kuponderezana ankadana nako. Vuto lake linali lakuti ankakudziwa bwino kukakhala m'buku.

Adakwatira a Margret a ku Mbulumbuzi, nakhala chikamwini monga achitira amuna onse kuno. Ana awo awiri adakula n'kupita kutauni. Chaka chotsatira atangopuma ntchito, a Margret adatisiya. Mwambo wake ngodziwika: maliro akatha, mkamwini amasudzulidwa, amanyamula kachikwama kake n'kuona msana wa njira. A Namakhwa adalongedzeratu mabuku m'makatoni awiri. Kwawo ku Nguludi kudali kutatsala manda okhaokha ndi adzukulu osawadziwa nkhope.

Amene adaimirira pa bwalo tsiku limenelo ndi a Pius, mchimwene wa malemuyo, mwinimbumba, munthu wamfupi wa mawu okalipa, amene sukulu adalekeza Sitandade 5.

"Alamu awa sakupita kulikonse," adatero a Pius. "Nyumbayi anamanga okha, mlongo wanga amusamala mpaka tsiku lomaliza. Wofuna kuwasudzula ayambe wasudzula ine."

Palibe adatsutsa. Makatoni aja a Pius adawamasula ndi manja awo, akudandaula kuti mabuku amalemera kuposa njerwa. Kuchokera apo awiriwa ankakhalira limodzi pansi pa mpeyala masana onse, wina akulongosola za Jeremani, winayo akusoka dengu n'kumatsutsa chilichonse. Ankakondana, ngakhale mukanawamva akukangana mukanati mawa akutengerana kubwalo.

Kenaka kudabwera sikimu ya mthirira. Bungwe lina lidaika pampu ya sola kumtsinje, mapaipi, ndi shedi ya udzu yokhala ndi simenti pansi. Mamembala adalipo makumi anayi ndi anayi, aliyense poloti yake ndi tsiku lake la madzi. Chisankho chinkachitika chaka ndi chaka, ndipo kavotedwe kake kadali nzeru ya a Pius. Munthu ankapatsidwa njere imodzi ya chimanga, n'kuzungulira yekha kuseri kwa shedi komwe kudali zitini zoboola pa chivindikiro, chilichonse cha wopikisana mmodzi, chomangidwa kansanza ka mtundu wake. Waponya njere yako, wabwerako, palibe wakuona. Mkazi ankatha kuvotera wina, mwamuna wake wina, madzulo n'kudyera mbale imodzi.

Zaka ziwiri zoyambirira wapampando adali a Pius, ndipo tinene zoona, zinthu zinkayenda ngati ng'ombe yotopa. Msonkhano woyamba m'mawa unkatha dzuwa litapendeka, chifukwa a Pius ankafuna aliyense alankhule, ngakhale uja wongobwereza zomwe wanena mnzake. Pampu itawonongeka, anthu adakangana masabata atatu za mmisiri woti amuitane, tomato akufota. A Namakhwa zidawatopetsa. Ndiwo adatchula dzina la Calvin Kalinde.

Kalinde adali mwana wawo wa m'kalasi, wa mpando wakumbuyo, amene mbiri yakale adailephera mochititsa manyazi. Tsopano adali wa geni ya nandolo, wa njinga yamoto, wothamanga, wodziwa kuseka ndi aliyense.

"Mnyamata ameneyu, alamu, maso ake sindiwakonda," adatero a Pius.

"Ndi wanga ameneyu, ndinamuphunzitsa ndekha," adayankha a Namakhwa. "Akakhota ndimuwongola."

Zitini zitatsegulidwa, Kalinde adapambana ndi njere zitatu. A Pius adamugwira chanza, namupatsa makiyi. A Namakhwa adakhala mlembi, ndipo kunena chilungamo, zidawakomera. Munthu amene wazolowera kuimirira kutsogolo, kupuma ntchito kumamudwalitsa.

Moto udabuka Lamulungu masana, mwezi wa Okutobala, anthu ali ku tchalitchi. Pofika ndi ndowa zawo, shedi idali itagwa. Mapaipi osungira adasungunuka, pepala la malamulo lidapsa, zitini zija zidangotsala zakuda, zopindika. Amene adayatsa sadadziwike, ndipo mpaka lero sadziwika. Ena amati ndi ndudu ya munthu wodutsa, ena amati ndi moto wa osaka mbewa. Koma Kalinde adaimirira pa phulusa lidakali lofunda n'kunena kuti pakati pathu pali adani, ndipo lero ayamba ndi shedi, mawa ndi pampu. Wina adakumbukira kuti dzulo lake a Pius ankatentha mapesi pa poloti yawo, yomwe idali yoyandikana ndi shediyo. Palibe adanena mokweza, koma aliyense adapita nazo kunyumba.

M'mawa mwake njinga yamoto idaima pansi pa mpeyala. Kalinde adavula chipewa, nakhala pansi penipeni ngati mwana wa sukulu.

"Aphunzitsi, malamulo apsa, anthu ali ndi mantha. Tikayamba zamisonkhano zija, pampu ipita. Tilembereni timalamulo tachidule, tongodutsira nyengo inoyi. Cholembera chanu anthu amachikhulupirira."

Adalemba. Tsamba limodzi, ndi zilembo zawo zokongola zopendekera kumanja. Kwa nyengo imodzi yokha, wapampando ndiye azigawa masiku a madzi. Ndiye azisankha alonda. Chisankho chiyambe chaima. Nkhani ikavuta, mamembala aziima pamzere kumbuyo kwa amene akugwirizana naye, poti zitini zidapsa. Poti zitini zidapsa! Ngati kuti ku Mbulumbuzi konse kudalibe chitini china, pomwe kuseri kwa golosale iliyonse zili mbwee.

Musaganize kuti sadazindikire. Pa mawu oti "nyengo imodzi yokha" dzanja lidaima. Mawuwo adawadziwa ngati momwe umadziwira kutsokomola kwa m'bale wako kuseri kwa mpanda. Koma adaseka okha, nati Jeremani ndi dziko la asilikali ndi mafakitale, iyi ndi sikimu ya tomato, ndipo Kalinde ndi mwana amene sankatha n'kulemba komwe chaka cha 1933. Pa msonkhano adawerenga pepalalo okha ndi mawu awo a m'kalasi, anthu n'kuwomba m'manja. A Pius okha ndiwo manja adapinda.

Chowawa n'chakuti zinthu zidayendadi. Madzi ankafika pa nthawi yake, pampu ikadwala m'mawa, masana yachira. Alonda anayi, anyamata a Kalinde, ankazungulira ndi zibonga. Tomato adabereka mpaka mitengo yogwiriziza kuthyoka. Kungoti amene wadandaula pang'ono, tsiku lake la madzi linkapezeka lasokonekera, kaya paipi yatsekeka, kaya dzina laiwalika. Anthu adaphunzira msanga. "Kalinde" adasanduka "a tcheya," ndipo nyengo imodzi ija idatha, ina n'kuyamba, popanda woikumbutsa.

A Namakhwa adayesako kamodzi kumukumbutsa Kalinde za chisankho, mwaulemu, ali awiri. Kalinde adaseka, nawagwira paphewa, chinthu chimene kale sakadayerekeza.

"Aphunzitsi, mdani uja tamupeza? Tikamupeza, chisankho mawa lomwe."

Amene adafunsa pagulu ndi a Pius. Udali msonkhano wa mwezi wa Ogasiti, pa simenti ya shedi yakupsa ija, poti ndi pomwe ankakumanirabe.

"A tcheya, ine sukulu sindinapite patali, ndiye mundithandize. Nyengo imodzi imakhala ndi miyezi ingati? Zitini ndabwera nazo, zili m'thumbamu. Chimanga chiliponso."

Anthu adaseka pang'ono, n'kudzigwira msanga. Kalinde sadaseke. Adati n'zodabwitsa kuti munthu amene moto wake udatentha shedi ndi yemweyo akufuna kusokoneza mtendere. Adati sikimu singasunge munthu wotere, koma iye si wankhanza, aweruze ndi mamembala monga mwa malamulo omwe adalemba aphunzitsi. Ofuna kuti a Pius atsale aime kumbuyo kwa a Pius. Ofuna kuti achoke, poloti ibwerere ku sikimu, aime kumbuyo kwa wapampando.

Awiriwo adaima kumapeto kwa simenti, motalikirana, atayang'ana kuphiri. Lamulo lake lidali lakuti woimiridwa asacheuke mpaka kuwerenga kutatha, kuti anthu asachite manyazi. Kalinde sankafunika kucheuka. Alonda ake adali chilili m'mbali, maso ali pa aliyense.

A Namakhwa mtima udali m'malo pang'ono, chifukwa mlembi ndiye ankawerenga, ndipo wowerenga saima pamzere. Adatsegula kope lawo.

"Lero awerenga ndi a Nasibu," adatero Kalinde osatembenuka, kutchula mmodzi wa mamembala. "Aphunzitsi, inunso ndinu membala. Kaimeni."

Anthu ambiri adali asanasunthe. Ankayang'ana aphunzitsi. Kumbuyo kwa a Pius kudali munthu mmodzi yekha, mai Idesi, mayi wamasiye wosamva za munthu, atamanga chitenje m'chiuno ngati akupita kolima.

A Namakhwa adayamba kuyenda, ndipo adalunjika kwa mlamu wawo. Pa simenti paja nsapato zidamveka bwino lomwe, kho, kho, kho. Adaona msana wa a Pius, malaya abuluu ong'ambika pa kolala, khosi lowuma lija. Atatsala mapazi atatu adaima. M'mutu mudabwera zifukwa, ndipo munthu wophunzira zifukwa sizimusowa. Tomato wawo adali pa maluwa, madzi awo Lachinayi. Mavoti awiri sangapulumutse munthu. Akachoka pa ulembi, adzatsala ndani woti azimubweza mnyamatayu? Kuli bwino kukhala m'kati n'kumakonza zinthu mwakachetechete. A Pius adzamvetsa, adzawafotokozera madzulo.

Adatembenuka. Ndipo atangotembenuka iwo, gulu lonse lidakhamukira komweko ngati nkhuku zoona madeya.

A Nasibu adawerenga kawiri. Makumi anayi uku, mmodzi uku. A Pius adacheuka, nayang'ana mai Idesi, nawagwedezera mutu. Mzere winawo sadauyang'ane n'komwe. Adatola thumba lawo la zitini, likulira kwechekweche, n'kumapita.

Madzulo aja a Namakhwa sadapite kukafotokoza. Mawa lake sadapitenso. Poloti ya a Pius idapatsidwa kwa mmodzi wa alonda. Mai Idesi madzi awo adasokonekera masabata awiri otsatizana, mbewu zidauma, iwo n'kusiya okha. Chaka chisanathe Kalinde adati aphunzitsi akalamba, apume, ulembi n'kupatsa msuweni wake. Munthu woti azikonza zinthu ali m'kati uja adapezeka ali panja, atangotsala ndi poloti ndi Lachinayi lake.

A Pius adakakumba chitsime kumunsi kwa dambo, kunja kwa sikimu, nayamba kuthirira ndi makheni awiri, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu. A Namakhwa ankawaona m'mawa uliwonse ali pakhonde, kamunthu kowerama kakukwera ndi kutsika. Chimene chinkawapweteka koposa n'chakuti mlamu wawoyo sadawakalipire. Mwinimbumba akadangonena liwu limodzi, mkamwini akadanyamula makatoni. Koma ayi. Moni ankapereka, nandolo zikacha ankatumiza mbale, denga litadontha adabwera ndi makwerero. Pansi pa mpeyala pokha ndi pomwe sadakhalenso. A Namakhwa adakonza mawu opepesa kambirimbiri, ena mpaka adawalemba, koma akafika pa mpanda ankapezeka akufunsa za mvula.

Zidatha zaka zitatu. Msana wa a Pius udagonja, miyendo n'kuyamba kuchita dzanzi, ndipo mwana wawo Yunis, amene amakhala ku Bangwe, adati bambo sangakhalenso okha, abwere kutauni. Tsiku lonyamuka a Namakhwa adanyamula chikwama mpaka pa siteji. Yunis adapita kukakambirana ndi kondakitala, madala awiriwo n'kutsala pa benchi.

"Alamu," adayamba a Namakhwa. "Za tsiku lija."

"Ndinamva," adatero a Pius, akuyang'ana msewu.

"Munamva chani?"

"Nsapato zanu. Alipo sazidziwa kuno? Zinabwera, kho, kho, mpaka pafupi pomwepa. Mumtima ndinati basi, alamu afika, enawo atsatira. Chifukwa anthu aja amadikira inu. Mukanaima inu, akanabwera teni, kaya twente. Ndiye zinaima. Ine n'kumawerenga chamumtima, mpaka sikisi. Kenako ndinazimva zikupita."

A Namakhwa adatsegula pakamwa. "Ine ndimaganiza kuti ndikakhala m'kati..."

"Musavutike, alamu. Inu ndi ophunzira, zifukwa munali nazo." Adanena mosapsa mtima, ngati akunena za nyengo. "Chinandiwawa si poloti ayi. Ndi sikisi ujayo."

Kondakitala adamenya chitseko. A Pius adadzuka movutika, atatsamira mkono wa mwana wawo, ndipo ali pakhomo la minibasi adacheuka.

"Nyumba ija ndi yanu, palibe akuvuteni, ndawauza. Manda a mlongo wanga muzilambula."

Minibasi idanyamuka kulowera ku Limbe. Mwinimbumba adapita, mkamwini n'kutsala. A Namakhwa adakhalabe pa benchipo mpaka mayi wa zitumbuwa adawafunsa ngati akudikira munthu.

Lero ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Kalinde akadali wapampando, nyengo imodzi ija sinathebe. Madzi a Lachinayi amafika pa nthawi yake, tomato amabereka bwino, ndipo a Namakhwa amamugawa kwa aliyense wodutsa, chifukwa iwo amati amawapatsa chilungulira. Nsapato zija zilipo, koma tizitsulo adakazulitsa kwa wosoka nsapato, amene adadabwa poti tidali tisanathe.

Chaka chatha mphunzitsi wamkulu wa pa sekondale paja adawapempha kuti akathandizeko a Fomu 4, mayeso atayandikira, poti mutu wa Jeremani palibe amautha ngati iwo. Adakana kawiri, kachitatu n'kuvomera. Adavala tayi. Adalowa m'kalasi mwakachetechete, moti ana adadzidzimuka kuwaona ali kale kutsogolo.

"Lembani," adatero. Adanena choyamba, za akuluakulu amene ankati tidzamuwongolera. Adanena chachiwiri, za moto. Adanena chachitatu, za zaka zinayi basi. Sadaphonye tsiku ngakhale limodzi, mutu udakali wakuthwa. Mphunzitsi wamkulu uja, amene naye adadutsa m'manja mwawo, adaima pakhomo akumwetulira, milomo itakonzeka kale kunena nawo mawu otsekera aja.

A Namakhwa adapukuta choko m'manja, nayang'ana kalasi yonse.

"Tsekani makope," adatero. "Tathera pomwepa."